Nsomba Imadya Zomwe Ife Tataya

Amayi anzanga, palibe ndiwo imene imatisunga ife a mu Mzuzu kuposa nsomba. Galimoto zochokera ku Nkhata Bay zikafika, usipa, utaka ndi batala zimadzaza msika waukulu ndi wa Zigwagwa, ndipo pofika madzulo fungo la usipa limamveka m'makomo ambiri a ku Salisbury Lines. Pogula timayang'ana, timanunkhiza, timadina ndi chala kuti tidziwe ngati nsombayo ili yabwino. Komatu pali poizoni wina amene diso silimuona ndipo mphuno simumva. Ameneyu ndi zitsulo zoopsa zimene zimalowa m'madzi, kuchoka m'madzi n'kulowa mu nsomba, kuchoka mu nsomba n'kufika m'thupi la mwana wanu.

Zitsulo zake ndi ziti?

Zazikulu ndi zitatu. Choyamba ndi mtovu, umene umapezeka m'mabatire a galimoto ndi a sola, ndiponso mu penti wina. Chachiwiri ndi kadimiyamu, amene ali m'mabatire ena otchaja. Chachitatu ndi mekyule, madzi onyezimira ngati siliva aja amene tinkawaona m'kagalasi kakale koyezera kutentha kwa thupi. Mekyule alinso m'mababu aatali a magetsi ndi m'mafuta ena oyeretsa khungu, ndipo anthu okumba golide pamanja m'maiko ambiri a mu Africa amamugwiritsa ntchito polekanitsa golide ndi mchenga.

Khoko la nthochi limawola, pepala limapsa, koma chitsulo sichiwola. Mekyule akakhazikika m'matope a pansi pa madzi, tizilombo tosaoneka ndi maso timamusandutsa mtundu wina umene umakanirira mu mnofu. Tizilombo ta m'madzi timamudya, kansomba kamadya tizilomboto, nsomba yaikulu n'kumeza tinsomba mazanamazana. Akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Nsomba yaikulu, yokalamba, yodya zinzake ndiyo imasenza mtolo waukulu. Ndipo dziwani ichi amayi: kutsuka, kuphika, kukazinga, kuwamba kapena kuyanika sikuchotsa mekyule mu mnofu wa nsomba.

Zinaoneka kwa anzathu

Ku Japan kuli tauni ya asodzi yotchedwa Minamata. Fakitale ya kampani ya Chisso inkathira madzi oipa okhala ndi mekyule m'nyanja kwa zaka zambiri. Anthu anayamba kuona amphaka akuzungulira ngati amisala ndi kufa. M'chaka cha 1956 madokotala analengeza za matenda achilendo: anthu ankachita dzanzi m'manja ndi m'miyendo, kudzandira, kulephera kulankhula bwino, kuona movutikira, ena mpaka kufa. Chomvetsa chisoni kwambiri chinali chakuti amayi ena ooneka athanzi anabereka ana opuwala ubongo, chifukwa poizoniyo anadutsa mwa mayi n'kukakhala mwa mwana ali m'mimba. Fakitaleyo inaleka kuthira madziwo mu 1968, ndipo anthu oposa 2,000 anatsimikizidwa ndi boma kuti anadwala matendawa. Pangano la maiko lochepetsa mekyule, limene linasainidwa mu 2013, linapatsidwa dzina la tauni imeneyi.

Musati zimenezi n'zakutali. Pa 18 February 2025, damu losungira zinyalala za mgodi wa mkuwa wa Sino-Metals pafupi ndi Chambishi ku Zambia linaphulika. Madzi a asidi osakanikirana ndi zitsulo anasefukira mpaka mu mtsinje wa Kafue, nsomba zinafa zambirimbiri, mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi a m'mipope, ndipo anthu anachenjezedwa kuti asadye nsomba zakufazo.

Nanga nyanja yathu?

Apa pali mawu otonthoza mtima. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2003 anapeza kuti nsomba za m'nyanja ya Malawi zinali ndi mekyule wochepa, ndipo zimene zinali naye wochulukirapo zinali zikuluzikulu zodya zinzake. Tsono pasakhale mayi woti aleke kugula nsomba chifukwa cha nkhani ino. Mwana wosadya nsomba amaonda, amapinimbira, ndipo limenelo ndi vuto limene lili kale pakati pathu.

Koma nyanja yathu ili ngati mtsuko waukulu wokhala ndi kadzenje kamodzi. Mitsinje yambiri imathiramo, koma wotulutsa madzi ndi Shire yekha, ndipo madzi ambiri amachoka ndi dzuwa. Dzuwa limanyamula madzi okhaokha, zitsulo n'kutsalira. Chimene chalowamo lero chidzapezedwa ndi zidzukulu za zidzukulu zathu.

Mwina mukuti: ife tili pamtunda, nyanja ikutikhudza bwanji? Tsatani madzi a mvula amene amadutsa pakhomo panu. Salisbury Lines ndi malo a dambo, kumene madzi ali pafupi ndi nthaka, ndipo amene analipo sanaiwale kusefukira kwa madzi kwa mu April 2016. Madzi a m'madambo a mu Mzuzu amatsikira mu mtsinje wa Lunyangwa. Lunyangwa amathira mu Kasitu, Kasitu amathira mu South Rukuru, ndipo South Rukuru amakalowa m'nyanja m'boma la Rumphi. Batire imene mwaiponya mu ngalande ili pa ulendo wopita kumene usipa wanu ukukulira. Isanafike n'komwe kutaliko, imayamba yaipitsa chitsime chanu ndi zithaphwi zimene ana amawedzamo milamba.

Amene ali pa chiopsezo chachikulu

Mayi woyembekezera, mayi woyamwitsa ndi mwana wamng'ono ndiwo oyenera kuwasamala koposa, pakuti ubongo wa mwana umakhala ukukula. Mtovu ndi mekyule zimachedwetsa nzeru, mwana n'kumavutika kulankhula kapena kugwira za kusukulu, makolo n'kumamunena ulesi. Mtovu umachepetsanso magazi ndi kukweza kuthamanga kwa magazi mwa akuluakulu. Kadimiyamu amawononga impso ndi kufewetsa mafupa. Izi siziyamba ndi kutsegula m'mimba usiku womwewo ayi, zimabwera mwakachetechete patapita zaka.

Zoyenera kuchita pakhomo

Musanyoze nsomba zing'onozing'ono. Usipa umakhala ndi moyo waufupi ndipo umadya tizilombo ta m'madzi, choncho supeza nthawi yosonkhanitsa poizoni wambiri. Utaka ndi matemba ndi chimodzimodzi. Chambo nachonso sichidya nsomba zinzake. Kuwonjezera apo, usipa timadya ndi minga yomwe, imene imalimbitsa mafupa, ndipo thupi la mwana wokhuta zakudya zolimbitsa mafupa ndi zowonjezera magazi silimwa mtovu wambiri monga la mwana wanjala. Sinjani usipa wouma muthire m'phala la mwana.

Kampango, bombe ndi mcheni si zoletsedwa, koma mayi woyembekezera azidya mosinthasintha ndi nsomba zing'onozing'ono, nyemba, mazira ndi masamba. Lamulo lomweli likhudzanso nsomba za m'nyanja zamchere zimene timagula m'masitolo: karapao ndi tinsomba ta m'zitini tili bwino kuposa nsomba zikuluzikulu monga tuna wamkulu. Pokonza nsomba yaikulu, tayani matumbo, chiwindi ndi zopumira zofiira za m'mutu, pakuti mtovu ndi kadimiyamu zimakonda kudzikundikira mmenemo.

Letsani ana kuwedza m'ngalande zodutsa pafupi ndi magalaja, malo owotcherera zitsulo kapena kudzala. Musagule nsomba zotoledwa zitafa zokha, ngakhale zitatchipa chotani. Powamba nsomba musasonkhezere matabwa opaka penti, matayala kapena mapulasitiki. Dziwaninso kuti kuwiritsa madzi a pachitsime kumapha tizilombo koma sikuchotsa mtovu, tsono madzi akumwa ndi ophikira azikhala a pampope pamene mungathe.

Mabatire akutha musawataye m'chimbudzi, m'dambo kapena pamoto, ndipo ana asawaswe poseweretsa. Asungeni m'chitini chotseka pamalo ouma. Batire ya galimoto kapena ya sola ibwezedwe kwa ogula mabatire akale ili yosaswa. Mafuta oyeretsa khungu alekeni, chifukwa mekyule wake amalowa m'thupi lanu, amafika kwa mwana amene mukumuyamwitsa, ndipo wotsalayo amapita ndi madzi a kubafa.

Mutu umodzi susenza denga. Nkhaniyi tiikambe m'magulu athu a amayi, ku banki m'khonde ndi kusikelo. Tipemphe mafumu a m'madera athu ndi makhansala kuti pakhale malo osonkhanitsira mabatire akutha, ndiponso kuti madzi a m'mitsinje ndi nsomba za m'misika ziziyesedwa kawirikawiri. Nyanja yatilerera ana kuyambira kalekale. Tiyeni amayi, ifenso tiisamale kuyambira pa ngalande ya pakhomo pathu.