Kodi phiri loyankha linalowa bwanji m'kabokosi ka DJ?

Ana inu, amene munakwerapo phiri la Dedza mukudziwa kuti phirili silikhala duu munthu akaliitana. Ndili msinkhu wanu tinkapitako kukatola nkhuni ndi achemwali anga, ngakhale mu June ndi July pamene chisanu cha kwathu kuno chimaluma zala. Panali malo ena, ukangotuluka m'mitengo ya paini, pamene tinkatula mitolo n'kupuma. Tsidya la kachigwa kunali thanthwe lalikulu lotuwa. Ine ndinkakoka mpweya n'kufuula kuti, "Iwe!" Kwa kanthawi kochepa kunkakhala zii. Kenako thanthwe lija: "Iwe!" Ndikafunsa kuti, "Ndiwe yani?" linkangobweza mbali yomaliza yokha, "yani?" Achemwali anga ankandichenjeza kuti ndisayerekeze kulitukwana, chifukwa phiri silisunga mwano, limakubwezera pompo.

Tsiku lina posachedwapa ndinali pa ukwati pa boma pompa. Mwini mwambo atagwira maiki n'kunena kuti "wani, tu," masipika anayankha kuti "tu, tu, tu," mawuwo akunka nachepa. M'holomo munalibe thanthwe kapena chigwa. Munali mnyamata wa zoimbira amene chala chake chinali pa kabatani ka pamikisa, ndipo mwini mwambo anamuuza kuti, "Achimwene, chepetsani eko." Ndinakumbuka thanthwe langa lija. Kodi chimene phiri lalitali mamita pafupifupi 2,200 limachita chinakwana bwanji m'kabatani kochepa ngati chitsekero cha botolo?

Tiyambe ndi phirilo. Mawu amayenda. Mukaponya mwala padziwe mumaona timafunde tikuthamangira kumbali, ndipo tikagunda gombe timabwerera. Mawu nawo ndi timafunde ta mumpweya, ngakhale sitioneka. Pa sekondi imodzi amayenda mamita pafupifupi 340, ndipo kukazizira kwambiri amachepetsako liwiro pang'ono. N'chifukwa chake m'dzinja mumayamba mwaona kung'anima, kugunda kwa bingu kukubwera pambuyo: mukawerenga masekondi atatu pakati pa ziwirizi, mphezi yagwa pa mtunda wa kilomita imodzi.

Ndiye ukafuulira thanthwe, mawu amapita, kugunda mwala, n'kubwerera kukhutu kwako. Ulendo wonsewo umadya nthawi. Thanthwe likakhala pa mamita 170, kupita ndi kubwera ndi mamita 340, choncho yankho limafika patatha sekondi imodzi. Apa mwaona chifukwa chake langa linkangoti "yani?" Mbali yoyamba ya funso inkabwerera ndikadali mkati mofuula, ndipo pakamwa panga pankaitsekereza. Koma khoma likayandikira kwambiri, osafika mamita 17, khutu silitha kusiyanitsa mawu ako ndi obwererawo. Zonse zimangosakanikirana.

Kusakanikirana kumeneku nakonso n'kokoma. Lowani m'kalasi mopanda anthu ndi madesiki, kapena imirirani m'tchalitchi chachikulu ngati cha ku Bembeke kwaya ikamamaliza nyimbo. Oimba atseka pakamwa koma mawu akadali m'mwamba, akuzimiririka pang'onopang'ono, chifukwa akugunda makoma, denga ndi pansi kambirimbiri. Anthu a m'situdiyo amatcha zimenezi reverb. Koma mawu akabwerera padera, omveka bwino ngati yankho la phiri, amati ndi eko kapena delay. Liwu la delay limangotanthauza kuchedwetsa, ndipo nkhani yathu yonse yagona pamenepo: wofuna eko ayenera kupeza njira yochedwetsera mawu.

Ojambula nyimbo akale anayamba ndi zipinda. Situdiyo ya Abbey Road ku London, yomwe inatsegulidwa mu 1931, inali ndi chipinda cha makoma olimba chopanda kanthu. Ankaikamo sipika mbali ina ndi maiki mbali ina, n'kutumizamo mawu a woimba kuti akagundegunde makoma asanawajambule. Mu 1947, Bill Putnam wa ku Chicago anachita zomwezo m'bafa la pa situdiyo yake pojambula gulu la Harmonicats, ndipo chimbalecho chinagulidwa kwambiri. A Capitol ku Hollywood, pomanga nyumba yawo mu 1956, anakumba zipinda zotere mamita pafupifupi 9 pansi pa nthaka. Zonsezi zinkatulutsa reverb yabwino. Koma yankho lomveka la sekondi imodzi likanafuna chipinda chotalika mamita 170, kuposa bwalo la mpira. Ndani akanamanga?

Yankho linachokera ku tepi. Funsani agogo kapena amalume ngati akusungabe kaseti m'sutikesi, akuonetseni kalamba kofiirira kopyapyala kali mkatimo. Kalamba kameneko kanapakidwa fumbi lachitsulo limene limasunga mawu mwa mphamvu ya maginito. Makina ojambulira pa tepi anaonetsedwa koyamba ku Berlin mu 1935, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha anafika m'masitudiyo a ku America. Makina akuluakuluwa anali ndi timitu tachitsulo timene tepi inkakhudza podutsa. Kamutu kena kankalemba mawu pa tepi, kena kotsatira kankawawerenga.

Tsono tamverani bwino, pakuti apa ndi pamene ndimapakonda. Timitu tiwiri tija sitinali pamalo amodzi. Panali kampata pakati pake, tinene kuti masentimita 5. Tepi inkayenda masentimita 38 pa sekondi. Woimba akati "a," kamutu koyamba kankalemba, ndiye "a" uja ankakwera tepi ngati munthu wokwera kabaza, kuyenda masentimita 5 aja, n'kukafika pa kamutu kachiwiri patapita kachigawo kakang'ono ka sekondi, kupitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo khumi. Mukaphatikiza mawu enieni ndi ochedwawo, khutu limamva ngati woimba waima moyang'anizana ndi khoma lili pa mamita 22. Kampata kochepa ngati chala chanu chachikulu kanagwira ntchito ya chigwa!

Mmodzi mwa anthu oyamba kusewera ndi nzeru imeneyi anali Les Paul, katswiri wa gitala amenenso ankakonda kumasula ndi kumanga makina. Nyimbo zimene ankajambula kunyumba ndi mkazi wake Mary Ford cha m'ma 1951 zinadabwitsa anthu, chifukwa gitala yake inkamveka ngati ikudziyankha yokha. Ku Memphis, Sam Phillips wa Sun Studio ankagwiritsa ntchito makina awiri a Ampex kuti mawu azibwerera kamodzi kokha, mofulumira ngati mbama. Mu 1954 anajambula mnyamata woyendetsa galimoto ya katundu dzina lake Elvis Presley, ndipo eko yofulumira ija inakhala chizindikiro cha nyimbo zake. Elvis atasamukira ku kampani yaikulu ya RCA, akatswiri akumeneko mu 1956 anayesa kutsanzira poika sipika ndi maiki m'likole la nyumba yawo. Zinamveka bwino ndithu, koma sizinali zofanana, chifukwa likole limapereka reverb pamene chinsinsi cha Phillips chinali tepi.

Posakhalitsa anthu anayamba kupanga timabokosi tonyamula m'manja tongopangira eko basi. Charlie Watkins wa ku London anatulutsa Copicat mu 1958, ku America kunabwera Echoplex cha m'ma 1959, ndipo kampani ya Roland ya ku Japan inatulutsa Space Echo mu 1974. Mkati mwake munali tepi yolumikizidwa kumapeto, yomangozungulira. Munalinso kabatani kena kofunika kwambiri, kamene kankatenga mawu ochedwa aja n'kuwabwezeranso kukamutu kolemba. Mawuwo ankalembedwanso, kuwerengedwanso, kulembedwanso, ndipo ulendo uliwonse ankachepa mphamvu ndi kufooka kuthwa kwake. "Tu, tu, tu" wa pa ukwati uja anabadwira pamenepa. Ukapotoza kabatani kaja mopitirira, eko imakula m'malo mochepa mpaka kusanduka chimkokomo.

Ambiri ankaopa chimkokomo chimenecho. Amene anachiweta anali anthu a ku Jamaica. Ku Waterhouse, dera la anthu osauka mu mzinda wa Kingston, kunali munthu wokonza mawailesi dzina lake Osbourne Ruddock, amene dziko limamudziwa kuti King Tubby. Anali ndi zokuzira mawu zake zoimbira m'madansi, monga a DJ athu a m'maukwati, ndipo anatchuka chifukwa cha eko imene inkatuluka m'masipika ake. M'zaka za m'ma 1970, m'kasitudiyo ka kunyumba kwake, ankatenga nyimbo ya reggae yojambulidwa kale n'kuivula. Ankachotsa mawu a woimba, kuchotsa magitala, kusiya ng'oma ndi besi zokha. Kenako ankatsegulira woimba uja kwa liwu limodzi lokha, n'kuliponya mu eko kuti lizigubuduzika lokha mpaka kukasowa kutali. Mnzake Lee Perry ankachita zodabwitsa zakezake ndi Space Echo mu situdiyo yake ya Black Ark. Nyimbo za mtundu umenewu zimatchedwa dub. Kwa ine anthu awiriwa ndi amene anaonetsa kuti munthu wokhala pamikisa nayenso ndi woimba, ndipo eko ndi chida choimbira ngati ng'oma kapena kaligo.

Ife Amalawi reggae tinailandira ndi manja awiri. Mukamamvetsera Black Missionaries a ku Chileka, gulu limene anayambitsa malemu Evison Matafale, kapena nyimbo za malemu Lucius Banda wa ku Balaka, tcherani khutu kumapeto kwa mzere wa nyimbo kapena pamene ng'oma yaing'ono yalira kuti "tha," muone ngati simumva kamchira kakutsatira. Chitaninso chimodzimodzi ndi magitala a rumba ya ku Congo. Nthawi zambiri woimba gitala amakhudza nsambo kamodzi, delay n'kumuwonjezera kachiwiri pakati pa kugunda kwa nyimbo, mwakuti mumaganiza kuti zala zake zikuthamanga kuwirikiza.

Vuto la tepi linali lakuti inkatha, kuduka ndi kutafunidwa ndi makina. Mu 1969 akatswiri awiri a kampani ya Philips ku Netherlands, Sangster ndi Teer, anapanga kachipangizo kamagetsi kochedwetsa mawu popanda chinthu chozungulira. Munaonapo anthu a m'mudzi akundanda kuchokera pa mjigo mpaka pamene akuumba njerwa za sukulu, n'kumapatsirana zidebe za madzi? Chidebe chimafika, koma mochedwa, ndipo madzi pang'ono amatayika panjira. Kachipangizoka kamagwira ntchito motero, ndipo dzina lake la Chingelezi limatanthauzadi mzere wa anthu opatsirana zidebe. Kabokosi kopondera ndi phazi ka Boss DM-2, ka mu 1981, kanali ndi tizidebe ta magetsi 4,096 tondondozana, ndipo tonseto tinkachedwetsa mawu osakwana ngakhale theka la sekondi.

Kenako kunabwera njira ya manambala. Kampani ya Lexicon ku America inatulutsa makina otere mu 1971. Mawu amasandutsidwa manambala ambirimbiri, pa CD amakhala 44,100 pa sekondi iliyonse, ndipo makina amawasunga kwa kanthawi n'kuwatulutsa pa nthawi imene wauza. Masiku ano zimenezi zili mu kompyuta ya situdiyo iliyonse ya ku Lilongwe ndi Blantyre, mu mikisa ya kutchalitchi, ngakhale mu foni ya amayi anu. Eko ya manambala imabweza mawu ndendende, osataya kanthu. Komabe ojambula nyimbo ambiri amaifooketsa dala kuti izimveka ngati ya tepi, chifukwa makutu athu anazolowera kuti yankho lochokera kutali limabwera litatopa.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandipweteka mtima. M'maukwati, m'misonkhano ndi m'mapemphero ena, eko amaitsegula n'kuiiwala, mwakuti agogo akaima kuti alangize akwati, liwu lililonse limapondana ndi linzake ndipo palibe amene akumva malangizowo. King Tubby ankasankha liwu limodzi n'kulipatsa malo oti libwerere. Ena mwa inu mudzakhala pamikisa tsiku lina. Munthu akamalankhula, katsekeni kabatani kaja. Nyimbo ikafika pamene woimba wapuma, ndi pamene mungakatsegule.

Tsopano nayi ntchito yanu. Pezani khoma lalikulu la sukulu kapena thanthwe, ndipo ngati n'kuphiri mupite ndi munthu wamkulu. Tengani timatabwa tiwiri, imani patali, muwombanitse kamodzi kuti "pha," mumve yankho. Kenako muziwombanitsa motsatizana, mukusintha liwiro mpaka kuwomba kwanu kuzigwera pamodzi ndi yankho la kuwomba kwapitako. Mnzanu agwire wotchi, awerenge kuti mwawomba kangati m'masekondi 10.

Ine ndinabwerera kuthanthwe langa lija ndi mdzukulu wanga, tsiku lina m'mawa nkhungu itangochoka. Ine ndinkawomba, iye akuwerenga. Anapeza 20. Tinakhala pamwala n'kuwerengetsera ndi kamtengo padothi: kuwomba kulikonse ndi theka la sekondi, theka la sekondi ndi mamita 170, ndipo popeza mawu amapita ndi kubwera, thanthwelo lili pa mamita 85. Mdzukulu wanga anaimirira, kuika manja kukamwa, n'kufuula dzina lake lalitali. Linabwera theka lokha, ndiye anaganiza pang'ono n'kufuula lachidule.