Wothyola nyumba ndi wogula fodya wakuba, onse ulendo ndi wakundende

Mvula ikangokata, m'midzi ya Santhe, Chamama, Chulu ndi Mtunthama m'boma la Kasungu tulo timachepa. Fodya amakhala atauma m'zigafa, mabelo akudikira galimoto yopita kumsika wa Chinkhoma, ndipo m'nyumba zina ndalama zoyamba zimakhala zitalowa kale. Nyengo yomweyi ndiyo mbava nazo zimati yathu yakwana.

Pamudzi, aliyense wotenga cha mwini amangotchedwa wakuba. Koma kubwalo la milandu sizitero. Malamulo a zilango a dziko lino amayang'ana malo amene munthu walowa, momwe waloweramo komanso nthawi yake.

Gawo 278 la malamulowa likuti kuba wamba chilango chake n'chosapitirira zaka 5 kundende. Apa ndi pamene pamagwera munthu wosolola fodya m'chigafa chopanda khoma ndi chitseko, poti palibe chimene wathyola.

Nkhani imakula wakubayo akalowa m'nyumba yogona anthu. Gawo 309 likuti wothyola nyumba yotere n'cholinga chopalamula mlandu waukulu monga kuba akhoza kulandira chilango cha imfa kapena kukhala kundende moyo wake wonse. Akachita izi usiku, mlandu umakhala wothyola nyumba usiku, ndipo pamalamulo usiku umayamba 6:30 madzulo kufika 6:30 m'mawa. Safunika kutuluka ndi katundu ayi, cholinga chokhacho ndi mlandu kale.

Ambiri amaganiza kuti kuthyola n'kuphwanya loko kapena kuboola khoma basi. Gawo 308 likuti kukankha chitseko chongotseka, kukweza zenera, kulowa mwachinyengo kapenanso kupangana ndi munthu wa m'nyumbamo kuti akutsegulire, zonsezi n'kuthyola. Kungolowetsa mkono kapena ndodo yokokera zovala pazenera lomwe watsegula, ndiye kuti walowa kale.

Choncho tenanti kapena waganyu wotsegulira anzake usiku asadzinamize kuti iye sanathyole kanthu.

Kwa wothyola sitolo, ofesi, sukulu kapena nyumba yosungiramo katundu n'kubamo, gawo 311 likupereka zaka zosapitirira 10. Kusiyana kwake n'kwakuti m'nyumba yogona mumakhala miyoyo ya anthu, amayi ndi ana, amene mantha sawatha ngakhale katundu atapezeka.

Chilango cha imfa ndi malire chabe, ndipo dziko lino linanyonga munthu komaliza m'chaka cha 1992. Pamlandu wa Chizumila m'chaka cha 1994, bwalo lalikulu la milandu linati poyambira pa chilango cha wothyola nyumba usiku pakhale zaka 6. Zakazi zimakwera ngati mbavazo zinali gulu, zinanyamula zikwanje, zinaopseza eninyumba kapena zinawononga kwambiri. Zimatsika ngati wopalamulayo n'koyamba, wavomera mlandu kapena katundu wapezeka.

Koma mbava siisenza belo la fodya usiku isakudziwa kokagulitsa. N'chifukwa chake gawo 328 likuti wolandira kapena kusunga katundu akudziwa, kapena ali ndi chifukwa chokhulupirira, kuti ngwakuba, akhoza kukaseweza zaka 14. Apa wogula amaposa ngakhale wakuba wamba uja.

Venda wogula fodya mumdima pamtengo wolira, kwa mnyamata amene aliyense akudziwa kuti alibe munda, adzavutika kuuza woweruza kuti samadziwa kanthu. Chimodzimodzinso wogula wailesi, njinga kapena thumba la feteleza pamtengo wozizira osafunsa kumene zachokera. Walira mvula walira matope.

Kwa mlimi amene waberedwa, chofunika n'kukanena msanga kwa achitetezo cha m'mudzi ndi kupolisi, osakonza kaye chitseko kapena kusesa pamene mbava zaponda. Kukhala ndi chizindikiro pa ziguduli ndi kusunga malisiti a katundu wa m'nyumba kumathandiza, chifukwa kukhoti mwini ayenera kuzindikira katundu wake mosakayikitsa.

Ndipo mbava ikagwidwa, mkwiyo usalamule. Malamulo aakulu a dziko lino akuti womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ndi wosalakwa kufikira bwalo litamupeza wolakwa. Omenya kapena kuotcha woganiziridwa amasanduka oyankha mlandu wovulaza kapena wakupha. Zikatero, mlimi amene anangoberedwa mabelo awiri amakagona m'chitokosi, fodya wotsala akuwola m'chigafa popanda womusankha.