Chiphamaso ndi Choonadi m'Masewero Otchuka

 Lero tikambirana za masewero, makamaka za funso limene alembi a masewero akhala akulifunsa kuyambira kale: kodi chimene munthu waona ndi maso ake chimakhala choona nthawi zonse?

Tiyambire pa ntchito yathu yomwe ino. Mukamamvera sewero pa wailesi, mumamva chitseko chikutsekeka, mwina mvula ikugwa pa malata. Ife amene timakonza masewerowo timadziwa kuti m'chipinda chojambulira mawu mulibe nyumba ndipo mulibe mvula. Muli munthu amene akugogoda thabwa kapena kuthira mpunga pa chitini. Inunso mumadziwa, koma mumalola kunyengedwa, ndipo wina akamwalira m'seweromo chisoni chimakugwirani. Sewero lililonse ndi chiphamaso chimene tonse tagwirizanapo. N'chifukwa chake alembi amakonda kulemba za anthu onyengedwa. Ife oonerera timadziwa choonadi, pamene munthu wa m'sewero sachidziwa, ndipo timangomuyang'ana akulowera kudzenje osatha kumuchenjeza.

Sewero loyamba limene tilione ndi Othello, limene analemba William Shakespeare wa ku England, ndipo linaonetsedwa kunyumba ya Mfumu James pa 1 November 1604. Othello ndi Mmoor, munthu wakuda, mkulu wa asilikali a mzinda wa Venice. Wakwatira Desdemona, mwana wa nduna ina ya mumzindamo, ndipo awiriwa akukondana kwambiri. Koma pali msilikali wina, dzina lake Iago, amene ali ndi mangawa chifukwa Othello anakweza pa udindo mnyamata wina, Cassio, m'malo mwa iye. Atafika onse pa chilumba cha Cyprus, Iago akuyamba kuthira mawu pang'onopang'ono m'khutu mwa mkulu wake, akuti Desdemona ali pa chibwenzi ndi Cassio.

Othello si munthu wopusa. Akukana kukhulupirira mawu okha, ndipo akuuza Iago kuti akufuna umboni woti auone ndi maso. Apa ndi pamene pagona nzeru ya seweroli. Desdemona anali ndi kansalu ka m'manja, mphatso yoyamba imene mwamuna wake anampatsa. Tsiku lina kansaluko kanagwa pansi, Emilia, mkazi wa Iago, n'kukatola, ndipo Iago anakakaika m'chipinda cha Cassio. Kenaka Iago anabisa Othello pamalo poti aziona koma asamamve bwino, nayamba kucheza ndi Cassio za mkazi wina, Bianca. Cassio anali kuseka. Othello anaona kusekako nayesa kuti akuseka za Desdemona. Posakhalitsa Bianca anatulukira, kansalu kaja kali m'manja.

Taganizani bwino, omvera. Zonse zimene Othello anaona zinali zoona. Cassio anasekadi, ndipo kansalu kanalidi komweko. Chonama chinali tanthauzo limene Iago anali atalibzala kale m'mutu mwake maso asanaone. Othello anapha mkazi wake pomutseka mpweya ali pa kama. Emilia ataulula za kansalu kaja, Iago anamupha, ndipo Othello, atazindikira chimene wachita, anadzibaya yekha.

Pali kanthu kena kodabwitsa. M'masiku a Shakespeare akazi sankachita masewero pa nsanja ku England, kotero mbali ya Desdemona ankaichita mnyamata. Komabe m'chaka cha 1610 munthu wina wophunzira, Henry Jackson, ataonerera seweroli ku Oxford, analemba kuti Desdemona anamvetsa anthu chisoni chachikulu ali chigonere wakufa, ndipo polemba anamutchula ngati mkazi. Sewero lochenjeza za chinyengo cha maso linali litamugwira iye yemwe ndi maso.

Mwina munganene kuti mankhwala ake ndi apafupi: tizinena zoona basi. Koma mlembi wina, Henrik Ibsen wa ku Norway, anaonetsa kuti nkhaniyi si yapafupi chotero. M'chaka cha 1884 anasindikiza sewero limene m'Chingerezi limatchedwa The Wild Duck, ndiko kuti bakha wakuthengo. M'menemo muli banja losauka la Hjalmar Ekdal, wojambula zithunzi, mkazi wake Gina, ndi mwana wawo Hedvig, mtsikana wa zaka 14 amene maso ake akuyamba kufooka. Banjali likukhala ndi maloto. Hjalmar amakhulupirira kuti tsiku lina adzatulukira chida chatsopano chimene chidzawalemeretsa, ngakhale ntchito yambiri amagwira ndi mkazi wake. Bambo ake okalamba, amene kale anali msilikali ndi mlenje asanamangidwe, aika akalulu, nkhunda, nkhuku ndi bakha wovulala m'chipinda cha pansi pa denga, ndipo amalowamo ndi mfuti ngati akupita kuthengo. Zonsezi ndi chiphamaso, koma pakhomopo pali mtendere.

Kenaka pakubwera Gregers Werle, bwenzi la Hjalmar, munthu wokhulupirira kuti banja lililonse liyenera kumangidwa pa choonadi chokhachokha. Iye akudziwa kuti Gina asanakwatiwe anali wantchito m'nyumba ya bambo ake a Gregers, ndipo bambowo anagona naye. Akuuza Hjalmar, poganiza kuti banjalo likamva lidzakhululukirana ndi kuyamba moyo watsopano. Koma Hjalmar akukumbukira kuti maso a Werle wamkulu nawonso akufooka, ndipo akufunsa Gina ngati Hedvig ndi mwana wake. Gina akuyankha kuti sakudziwa. Kuyambira pamenepo Hjalmar akumukankha mwanayo. Gregers akulangiza Hedvig kuti aphe bakha wake wokondedwa, pofuna kuonetsa bambo ake kuti amawakonda. Mtsikanayo akulowa m'chipinda chija ndi mfuti, ndipo akudziwombera yekha.

M'seweroli muli dotolo, dzina lake Relling, amene maganizo ake ndi akuti munthu wamba ukamulanda bodza limene limamuchirikiza, wamulandanso chimwemwe chake. Ibsen sanatiuze kuti wolondola ndi Relling kapena Gregers. Anatisiyira ife funsolo. Koma taonani kufanana kwa masewero awiriwa. Othello anapatsidwa bodza, Hjalmar anapatsidwa zoona, ndipo onse awiri analakwa mofanana. Anagwira kachinthu kamodzi, wina kansalu, wina mbiri ya kale, n'kukalola kuti kafafanize zonse zimene anadziwa za munthu amene anali kukhala naye. Chikondi cha Desdemona chinali chenicheni, chikondi cha Hedvig chinalinso chenicheni, ndipo ndicho chimene amuna awiriwa anachiyesa chinyengo.

Nkhani ngati izi si za ku Venice kapena ku Norway kokha. Mabwalo a mafumu athu amaweruza milandu ya mabanja amene asokonekera chifukwa wina anaona mnzake ataima ndi munthu pa chitsime, kapena anapeza kalata, kapena analandira chithunzi pa foni. Munthu amalumbira kuti anaona yekha, ndipo mwina anaonadi. Funso limene masewerowa akutiphunzitsa kufunsa ndi lakuti: ndani anandiuza tanthauzo la chimene ndaonachi, nanga iyeyo apindulapo chiyani? Othello akanakhazika Cassio ndi Emilia pansi n'kuwafunsa za kansalu kaja, mlandu ukanatha tsiku lomwelo. Makolo athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo kwa iye amene wanyamula zoona zowawa kukatula pakhomo pa mnzake, Gregers ndi chenjezo: ayambe waganiza kuti katunduyo akagwera yani.

Aphunzitsi ndi ana a sukulu amene mukuwerenga masewero a Shakespeare, mukafika pa munthu aliyense muzifunsa kuti akudziwa chiyani, nanga ife oonerera tikudziwa chiyani chimene iye sakudziwa. Mukatero sewero lidzakutsegukirani.