Amasewero Adagona mu Ofesi Kufuna Chilungamo

Munthu wochita masewero amadya tsiku limene anthu adzaza m'holo. Holo ikatsekedwa, kwake moto suyaka. Izi zidaoneka ku South Africa m'mwezi wa March 2020, pamene boma lidaletsa misonkhano chifukwa cha mliri wa Covid-19. Ochita masewero, ovina, oyimba, osoka zovala zawo ndi oyatsa magetsi a pabwalo adagwira njakata, popeza ambiri a iwo alibe malipiro a pamwezi. Amalandira sewero likachitika.

Pofuna kuwathandiza, boma lidapatula R300 miliyoni kuti bungwe la National Arts Council ligawire anthu aluso. Koma bungwelo lidalonjeza ndalama zochuluka kuposa zimene lidali nazo, ndipo pambuyo pake lidachepetsa gawo la anthu amene adali atasaina kale mapangano. Ena mwa iwo adali atalemba kale anzawo ntchito podalira lonjezolo. Tsono akadawalipira chiyani?

Pa 3 March 2021, Mayi Sibongile Mngoma, woyimba nyimbo za opera, adapita ndi anzawo ku ofesi ya bungwelo ku Newtown, mumzinda wa Johannesburg, kukafunsa m'mene ndalamazo zidayendera. Posakhutira ndi mayankho, adakana kutuluka. Adagona momwemo pafupifupi miyezi iwiri, akumapempha zinthu ziwiri makamaka: kuti maina a olandira ndalama alengezedwe poyera, ndi kuti mapangano alemekezedwe.

Ena adatsata njira zina. Eni chikondwerero cha National Arts Festival adakasuma ku khoti, ndipo mlandu udawakomera. Chaka chomwecho amasewero ndi ovina adakhazikitsa bungwe la Theatre and Dance Alliance kuti azilankhula ndi boma ndi liwu limodzi. Mu September 2021 nduna yoona za luso pa nthawiyo, a Nathi Mthethwa, idalengeza kuti ofufuza adapezadi zolakwika m'kagawidwe ka ndalamazo.

Awerengi okondedwa, anthuwa sadali kupempha mphatso. Ndalama za boma zimachokera m'misonkho ya anthu onse, ndipo woisunga ayenera kufotokoza kumene tambala iliyonse yapita. Aliyense akadadandaula payekha, bwenzi atangouzidwa kuti abwere mawa. Paja akulu adati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Anyamata ndi atsikana okonda masewero, phunzirani kusunga mapepala a mapangano anu, ndipo musadikire njala kuti mudziwane ndi anzanu a ntchito imodzi.