Tiyi wa kakau ndi ulendo wa ku São Tomé

Mwezi wa Juni ukafika ku Angónia ndi ku Tsangano, munthu sadikira kuuzidwa kuti akoleze moto. Amene ali ndi shuga amaphika tiyi, amene alibe amaotcha mbatata, ana nkumaothera pa mafuwa. M'mashopu a ku Ulónguè ndi ku Zóbuè muli kachitini kena kamene ambiri amangokayang'ana nkupitirira, pakuti mtengo wake ndi wa anthu olandira pa mwezi. M'kachitinimo muli ufa wofiirira. A ku tsidya la malire, ku Dedza ndi ku Ntcheu, amautcha koko. Apwitikizi amati cacau. Pa tsamba lino ulembedwa kakau, kuopa kuti wina angaganize za koko wa ku Quelimane uja wothira mu mpunga. Ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Kuli maiko ena kumene chakumwa chimenechi si cha olemera ayi. Ku zilumba za m'nyanja ya Caribbean, kufupi ndi America, monga Saint Lucia, Grenada ndi Dominica, kumakhala anthu akuda amene makolo ao anatengedwa ukapolo kuchokera ku Africa. Kumeneko chakumwa chilichonse chotentha cha m'mawa amachitcha tiyi, ngakhale mulibe tsamba la tiyi ndi limodzi lomwe. Tsono mwa matiyi onsewo, wamkulu ndi tiyi wa kakau. Ukapolo utatheratu pa zilumba za Angelezi mu 1838, anthu omasulidwawo anakwera m'mapiri, nalima timinda tao, nabzalamo nthochi, zilazi ndi mitengo ya kakau. Wina ankagulitsa, wina ankasunga wa pakhomo. Ndi mmene zilili mpaka lero.

Mtengo wa kakau ndi wodabwitsa. Zipatso zake zimamera pa thunthu penipeni ndi pa nthambi zazikulu. Chipatso chimodzi chimafanana ndi papaya wamng'ono, koma khungu lake ndi lolimba. Ukaching'amba umapezamo njere 30 kapena 40 zokutidwa ndi zoyera zotsekemera. Njerezo amaziunjika nkuzivundikira ndi masamba a nthochi kwa masiku 5 kufikira 7 kuti zisase. Popanda kuvundikira kumeneku kakau amangowawa, fungo lake lija silibwera. Kenaka amaziyanika pa dzuwa. Ku Grenada ndi ku Trinidad kunali mwambo woti anthu amakwera pa njere zoumazo opanda nsapato, nawaza timadzi, nkumapondaponda motsata nyimbo kuti njere ziwale. Amati kuvina kakau. Masiku ano amachita zimenezi makamaka poonetsa alendo.

Zotsalazo mayi aliyense wa ku Domué angazichite osaphunzitsidwa, chifukwa sizisiyana ndi ntchito ya mtedza. Amakazinga njere, nazifikisa kuti makoko achoke, napeta, nkusinja mu mtondo mpaka zitatulutsa mafuta ngati chiponde. Phalalo amaliumba m'timipira kapena m'timitengo totalika ngati chikhatho, nkuliyanika. Likauma limalimba ngati mwala ndipo limakhala miyezi osaonongeka. M'mawa mayi amatenga kamtengo kamodzi, nakwecha pa chitsulo chamanomano, nathira m'madzi owira pamodzi ndi kanela, nutmeg ndi tsamba lina lonunkhira lofanana ndi louro. Zikawira kwa kanthawi amasefa, nathira mkaka ndi shuga. Ena amaonjeza kaufa pang'ono kuti akhale ngati phala lamadzi, loti mwana akamwa afike nalo kusukulu osamva njala. Pamwamba pa kapu pamayandama timadontho ta mafuta, ndipo ndi mafutawo amene amasunga kutentha. Wosadziwa amapsa lilime. Amamwera timikate tokazinga tonga mandasi opanda shuga, ndi nsomba youma ya mchere yokumbutsa chicoa wa ku Cahora Bassa. Ku Saint Lucia, pa chikondwerero cha Jounen Kwéyòl chimene chimachitika kumapeto kwa Okutobala, tiyi ameneyu sasowa pa chakudya cha m'mawa.

Wa m'kachitini uja sangafane naye. Mu 1828 banja la Van Houten ku Holland linapeza njira yofinyira njere za kakau ndi makina kuti mafuta ambiri achoke. Mafutawo, amene ali pafupifupi theka la njere, ndiwo a ndalama, amapita ku chokoleti ndi ku zodzola. Ufa wotsala ndi umene umalowa m'zitini, kawirikawiri atausakaniza ndi shuga wambiri. Kunena mosabisa, wogula ku shopu amalipira mtengo wa nyama nalandira msuzi.

Achikulire amene anakhala m'nthawi ya atsamunda akamva dzina la São Tomé saganiza za chakumwa. Apwitikizi anatenga mbande za kakau ku Brazil cha m'ma 1820 nakazibzala pa zilumba za São Tomé ndi Príncipe, kumadzulo kwa Africa. Nthaka ndi mvula zinavomera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 tizilumba tiwiri timeneti tinali pakati pa otsogola pa dziko lonse, ndipo mu 1913 tinatulutsa matani oposa 30,000. Minda ikuluikulu ija, imene ankaitcha roças, monga Água Izé ndi Rio do Ouro, inali ndi njanji zake ndi zipatala zake. Chimene inalibe ndi anthu ofuna kugwiramo ntchito mwa kufuna kwao.

Poyamba ankawatenga ku Angola. Pa pepala ankalemba kuti ndi a kontrato, koma amene anakwera sitimazo sankabwerera. Mtolankhani wa ku England, Henry Nevinson, anayenda m'njira zimene anthuwo ankadutsa, ndipo mu 1906 anatulutsa buku lonena poyera kuti umenewo unali ukapolo wovala dzina lina. Mu 1909 makampani a chokoleti a ku England, Cadbury, Fry ndi Rowntree, analeka kugula kakau wa ku São Tomé. Koma minda sinatsekedwe, ogula ena analipo. Kuyambira 1908 eni minda anali atatembenukira kale ku Moçambique. Amuna zikwizikwi anakwezedwa sitima ku Quelimane ndi ku madoko ena, nazungulira kumunsi konse kwa Africa. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 São Tomé inasanduka chilango. Munthu wothawa chibalo, wokangana ndi mzungu, kapena amene mkulu wa boma wangomuda, ankatha kutumizidwa kumeneko. Mkazi amatsala ndi ana ndi munda, osadziwa ngati alire maliro kapena adikire.

Anthu amenewa ankathyola zipatso, kung'amba, kuvundikira, kuyanika ndi kusenza matumba. Chakudya chao chinali ufa, nyemba ndi nsomba youma. Kakau yense ankakwera sitima kupita kunja. Ena anabwerera, ena anafera komweko, ena anakwatira nabereka. Ana obadwira m'mindamo amatchedwa tongas, ndipo zidzukulu zao zilipo pa zilumbazo. São Tomé inalandira ufulu pa 12 Julaye 1975, patangopita masiku 17 kuchokera pa ufulu wa Moçambique. Boma latsopano linatenga minda ija, koma zokolola zinatsika kwambiri, ndipo nyumba zambiri za eni minda zinasanduka mabwinja.

Malonda aakulu anali atasamuka kalekale. Cha m'ma 1879 mmisiri wosula zitsulo, Tetteh Quarshie, anabwera ndi njere kuchokera ku chilumba cha Fernando Pó nakazibzala kwao ku Ghana. Kumeneko sanalime azungu a minda ikuluikulu koma anthu wamba, aliyense pa kamunda kake, ndipo pofika 1911 anali atapitirira maiko ena onse. Lero Côte d'Ivoire ndi Ghana pamodzi amatulutsa pafupifupi theka la kakau wa dziko lonse lapansi. Chodabwitsa nchakuti mwambo wophika tiyi wa kakau pakhomo sunazike mizu kumeneko. Mlimi amalima kuti agulitse basi, ngati mmene alili wa fodya ndi wa thonje kuno. Alipo okalamba ndi mbewuyi amene chokoleti sanachilawepo.

Mtengo samaupanga iwo. Umapangidwa pa misika ya London ndi New York, kenaka boma la dziko lao limalengeza mtengo umodzi wogulira kwa alimi. Kumayambiriro kwa 2023 tani imodzi inali pa madola a America pafupifupi 2,600. Kenaka nyengo inasokonekera, mvula yambiri inaoletsa zipatso, chilala chinatsatira, matenda otupitsa nthambi anapha mitengo, ndipo ku Ghana okumba golide mosaloledwa anagwetsa minda. Kakau anasowa. Mu Disembala 2024 tani inapitirira madola 12,000, mtengo umene unali usanaonekepo. Nthawi yomweyo mlimi wa ku Côte d'Ivoire ankalandira mafranki 1,800 pa kilo, amene ndi madola atatu okha, pamene pa msika wa kunja kilo yomweyo inali pa madola 12. Chifukwa china chinali chakuti boma limagulitsiratu zokolola miyezi yambiri zisanakololedwe, pa mtengo wakale.

Chimene alimi a m'malire anachita, wa ku Calómuè kapena ku Biri-Biri angachilote yekha. Matumba anayamba kuyenda usiku pa njinga zamoto, a ku Ghana kulowa ku Togo, a ku Côte d'Ivoire kulowa ku Guinea ndi ku Liberia, kumene ogula ankapereka zambiri. Asilikali anagwira ena, ambiri anadutsa. Pofika kumapeto kwa 2025 mtengo wa kunja unali utatsikanso pafupifupi ndi theka.

Wina angafunse ngati mtengowu sungamere kuno. Ku mapiri a Angónia ayi. Umafuna kutentha chaka chonse, mvula yosadukiza miyezi yambiri ndi mthunzi wa mitengo ina, ndipo umayamba kubala patapita zaka 3 kufikira 5. Chisanu cha Juni chingauphe usanafike m'chiuno. Kufupi kumene umalimidwa kwambiri ndi ku Kyela, ku Tanzania, kumpoto kwenikweni kwa nyanja ya Niassa, kumene alimi amaubzala pansi pa nthochi kuseri kwa nyumba. Nakonso pafupifupi wonse umakwera malole kupita ku doko la Dar es Salaam.

Ku Saint Lucia ndi ku Grenada alimi nawonso amadandaula za mitengo, ndipo mu 2004 mphepo yamkuntho ya Ivan inagwetsa minda yambiri ya ku Grenada. Komabe Loweruka pa msika wa ku Castries, likulu la Saint Lucia, amayi amayala timitengo ta kakau pa matebulo pambali pa kanela ndi nutmeg, tosinjidwa kuchokera ku mitengo ya kwao komweko, ndipo ogula ambiri ndi anansi ao.