Ntchito ya Dokotala wa Phewa mu Blantyre

M'chaka cha 1844, ku Mabotsa m'dziko la South Africa, mkango udagwira David Livingstone paphewa nuphwanya fupa la mkono wake wamanzere. Ndipo popeza kumeneko kunalibe wodziwa kulumikiza fupa lotere, silidagwirane bwino kufikira tsiku la imfa yake, kotero kuti pamene mtembo wake udafika ku London mu 1874, nkhope itasinthika ndi ulendo wautali wochokera kwa Chitambo, madokotala adauzindikira ndi fupa lomwelo. Mzinda wathu uno, umene udalandira dzina la mudzi wobadwira iye, uli nawo lero anthu amene ntchito yawo ndi kuletsa chilema chotere. Ndipo munthu akachoka pa nyumba yakale ya Mandala, imene idamangidwa mu 1882, nalowera ku Ginnery Corner, sayenda mtunda wautali asanafike kumene iwo amagwirira ntchito.

Phewa ndi mfundo yodabwitsa, pakuti Mlengi adalipatsa ufulu woposa wa mfundo zina zonse, ndipo ufulu womwewo ndiwo tsoka lake. Pamakumana mafupa atatu: la mkono, lathyathyathya la kumsana, ndi lopingasa la m'munsi mwa khosi. Mutu wa fupa la mkono ndi wobulungira, koma kambale kamene umakhalapo n'kosazama, monga mtsuko ukhalira pa nkhata. Chimene chimaugwira kuti usagwe ndi minofu inayi youkuta pamodzi ndi kachichereŵechereŵe kozungulira mlomo wa kambaleko. Chifukwa cha ichi mayi akhoza kusinja, kukwezera ndowa pamutu ndi kumanga mwana kumbuyo ndi mkono womwewo. Chifukwa cha ichinso, mwa mfundo zikuluzikulu za thupi, palibe ina yoguluka kaŵirikaŵiri ngati phewa.

Njira yofikira pa udokotala umenewu ndi yaitali. Kufikira 1991, pamene College of Medicine idatsegulidwa, Mmalaŵi wofuna udokotala ankauphunzira kunja. Lero mwana wa sukulu amatha zaka 5 pa maphunziro oyamba, nagwira ntchito m'chipatala chachikulu pansi pa akuluakulu, ndipo pambuyo pake, ngati mtima wake wakondadi mafupa, amaonjezera zaka zina 4 kapena kuposerapo. Ena amalembanso mayeso a COSECSA, bungwe la madokotala a opaleshoni a m'chigawo chino cha Africa, limene lidayamba mu 1999. Ku maiko olemera aliko madokotala amene moyo wawo wonse ndi phewa lokha, oloŵetsa kakamera m'mfundo kudzera pa kabowo kakang'ono, oikamo ngakhale mfundo yachitsulo. Kuno dokotala wa mafupa sasankha chiwalo: amene wasoka mnofu wa phewa m'maŵa ndi yemweyo amene usiku adzadzutsidwa kukaona ntchafu yothyoka ya wakabaza amene wagundidwa mumsewu wa Chipembere.

Sizikadatheka mwina, pakuti mu 2008 dziko lonse, la anthu pafupifupi 13 miliyoni, linali ndi madokotala a mafupa 9 okha. Akale adati mutu umodzi susenza denga, ndipo Dr Edward Blair adazindikira zimenezi kalekale. Mu 1985 adayambitsa maphunziro a miyezi 18 osula othandiza madokotala kuti akhale akatswiri a mafupa, ndipo iwo ndiwo amene kufikira lero amabwezeretsa mapewa oguluka ndi kumanga zikhakha m'zipatala za m'maboma, ambiri a iwo osatchulidwa dzina paliponse. Ntchitoyo idapitirira m'manja mwa Professor Chris Lavy, amene adathandizanso kukhazikitsa chipatala cha Beit CURE mu 2002 pafupi ndi chipatala cha Gulupu, ndi Professor Nyengo Mkandawire, amene waphunzitsa ambiri mwa madokotala a mafupa a masiku ano.

Anthu ambiri amayesa kuti luso la dokotala wotere lili pa mpeni, koma ine ndiona kuti lili poyamba m'maso ndi m'makutu. Asanajambule n'komwe, amayang'ana mmene wodwala akuvulira malaya, namufunsa ngati ululu umamudzutsa usiku akagonera mbali imeneyo, namuuza kuti akweze mkono, kenaka naukweza iye mwini. Ngati wodwala alephera kuukweza koma dokotala naukweza mosavuta, kaŵirikaŵiri mnofu ndiwo wang'ambika. Koma ngati onse aŵiri alephera, ndiye kuti mfundo yeniyeniyo yauma. Kuuma kumeneku kumakonda anthu a zaka 40 mpaka 60, makamaka odwala shuga, ndipo ngakhale kumazunza kwa chaka kapena ziŵiri, ambiri amachira ndi mafizo, mankhwala oletsa ululu, ndipo mwina jakisoni, mpeni usanawakhudze. Apa dokotala wanzeru amabweza munthu amene wabwera atakonzeka kale kugona pa bedi la opaleshoni, namukumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo kunena zoona, wodwala sakondwera nawo mawu otere.

Zilipo nthaŵi zimene mpeni sungapeŵeke. Mnyamata amene phewa lake laguluka kamodzi pa mpira, kachichereŵechereŵe kaja katasomphoka pa fupa, amapezeka kuti likugulukanso pongoponya mwala kapena potembenuka kutulo. Blundell Bankart wa ku London ndiye adalongosola chovuta chimenechi mu 1923, ndipo opaleshoni yokasokereranso pamalo pake imatchedwa dzina lake mpaka lero. Komabe opaleshoni ndi theka chabe la ntchito, chifukwa phewa losokedwa bwino, likapanda kuchita mafizo kwa miyezi ingapo, limauma, ndipo thukuta lonse la dokotala limapita pachabe.

Chimene chimaŵaŵa mtima madokotala ameneŵa koposa ndi kuchedwa. Phewa loguluka lero limabwerera m'malo mwake m'kamphindi, wodwala atapatsidwa mankhwala ofeŵetsa minofu. Koma likakhala milungu ingapo, minofu imafupika, kambale kamadzala zipsera, ndipo chimene chikadatha popanda kucheka chimasanduka opaleshoni yaikulu ya zotsatira zokayikitsa. Njira yakale ya Hippocrates, yoponda m'khwapa ndi chidendene n'kukoka mkono, madokotala ambiri adaisiya, pakuti m'khwapamo mumadutsa mitsempha yopatsa mkono mphamvu, ndiponso pambali pa kuguluka pangakhale fupa lothyoka limene diso silingaone popanda kujambula. Odwala khunyu ndiwo ofunika kuwasamala koposa, popeza phewa lawo likhoza kugulukira kumbuyo pamene akugwa, abale nangoyesa kuti ndi kuphwanya kwa thupi.

Chomwecho inu aŵerengi, mbale wanu akagwa nalephera kukweza mkono, musalole anzake kumukoka pabwalo, ndipo musayembekezere kuti muone kaye mmene kuchere. Kolowekani mkonowo pa nsalu yomangirira m'khosi, musamupatse chakudya, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.