Musanagwetse mnzanu, yambani mwaphunzira kugwa

Bandulo ikangolowa m'foni, achinyamata ambiri a ku Mitundu ndi ku Nathenje amathamangira pa TikTok kukaonera timavidiyo ta ndewu za UFC. Pomwe amabwereza kwambiri ndi paja munthu amanyamulidwa juu, kenaka pansi khu! Ena mwa magwetsedwe amenewa anachokera ku judo.

Judo anaiyambitsa ndi Jigoro Kano ku Tokyo, m'dziko la Japan, mu 1882. Pa mpikisano wake palibe zibakera kapena mateche. Umagwira jekete la mnzako, kumusuntha mpaka miyendo itasowa poponda, n'kumugwetsa chagada. Ukagwetsa bwino, masewero athera pompo. Amati ippon.

Mu MMA mulibe jekete loti ugwire, ndiye a judo amakola khosi, mkono kapena m'khwapa. Ronda Rousey, yemwe anapata mendulo ya bronze ku Olympics ya ku Beijing mu 2008, anakhala mayi woyamba kutenga lamba wa UFC, ndipo ambiri ankawagonjetsa powakhotetsa chigongono. Kayla Harrison anawina golide mu 2012 ndi 2016, ndipo mu 2025 nayenso anatenga lamba wa UFC.

Koma pali chomwe kavidiyo ka masekondi 30 sikakuonetsani. Phunziro loyamba la judo ndi kugwa, komwe amati ukemi: chibwano pachifuwa, kumenya pansi ndi mkono wonse, osatchinjiriza ndi chikhatho. Amabwereza kambirimbiri, pa mateti ofewa, mphunzitsi ali pomwepo.

Nanga inu mukayesera pa bwalo louma la sukulu mu Okutobala, mnzanuyo asanaphunzire kugwa? Dzanja lothyoka limapola. Khosi ndi msana ndi nkhani ina: m'malo mothera pa chipatala cha Mitundu, ulendo umakafika ku Kamuzu Central, ndipo ena sadzayendanso. Ma like sadzalipira ngakhale thiransipoti.

Sikuti judo ndi ya kunja kokha ayi. Kuno kuli bungwe la Judo Association of Malawi, ndipo Harriet Bonface anaimira dziko lino ku Olympics ya ku Tokyo mu 2021. Ngati mtima ulipo, funsani bungweli komwe kuli mphunzitsi wovomerezeka.

Mwina ku UFC simudzafikako. Koma tsiku lomwe kabaza adzaterereke nanu m'matope a Januwale, luso logwa bwino lidzakupulumutsani mutu.